Msozi wa pa kamera imodzi

Awerengi, munthu wowerenga nkhani pa wailesi kapena pa kanema timam'khulupirira ngati mkulu wa pabwalo. Sitinadyepo naye nsima, komabe akanena kuti kwagwa zakutizakuti, ife timangoti ndi momwemo. Opanga mafilimu ku America anachiona kalekale chikhulupiriro chimenechi, ndipo akhala akupeka owerenga nkhani awoawo pofuna kutifunsa kuti: kodi munthuyu mukum'dziwa?

Sabata ino tiyeni tione Tom Grunick wa m'filimu yotchedwa Broadcast News ya m'chaka cha 1987, imene analemba ndi kutsogolera James L. Brooks. Anasewera ngati Tom ndi William Hurt. Tomyo ndi mnyamata wa maonekedwe abwino ndi mawu okoma, wochokera ku nkhani zamasewero, ndipo amavomera yekha kuti zambiri zimene amawerenga sazimvetsa. Tsiku lina kutabuka nkhani yadzidzidzi, mkonzi wake Jane Craig ankamuuza mawu kudzera m'kachipangizo ka m'khutu, iye n'kumalankhula ngati nzeruzo n'zake. Mnzake Aaron Altman, mtolankhani wodziwadi zinthu, atapatsidwa mwayi wowerenga nkhani anangoti thukuta kamukamu mpaka malaya kunyowa.

Koma mlandu weniweni uli pa msozi. Tom anacheza ndi mayi wina amene anagwiriridwa. Mayiyo akufotokoza, chithunzi chinaonetsa nkhope ya Tom, msozi uli chuu! Oonera anakhudzidwa, ngakhale Jane yemwe. Pambuyo pake Aaron anatulukira kuti tsikulo panali kamera imodzi yokha, ndipo inaloza kwa mayiyo. Nanga inajambula bwanji nkhope ya wofunsa? Jane atapita kukaona zotsala za tepi anapeza kuti kuchezako kutatha, kamera inatembenuzidwa, Tom n'kudzifinya mpaka msozi kutuluka, kenaka anaulumikiza pakati pa mawu a mayi uja.

Ena adzati palibe vuto, poti chisoni chinam'gwiradi pamene mayiyo ankalankhula. Ife tikuti vuto lilipo. Mayi uja anabwera ndi zowawa zake zenizeni, wina n'kuzisandutsa makwerero a ntchito. Ndiponso woonera anauzidwa kuti akuona zimene zinachitika, chonsecho akuona sewero. Amene wakunamiza pa msozi, ukam'khulupirira bwanji pa chiwerengero cha anthu omwalira pangozi? Jane anasiyana naye pa chifukwa chimenechi. Koma filimuyo sinam'patse Tom chilango. Patapita zaka 7 tikumuona atakwezedwa kukhala wowerenga nkhani wamkulu wa dziko lonse.

Apa m'pamene filimu ina, Network ya 1976, imatiloza chala ife oonera. Howard Beale, amene anasewera Peter Finch, anauzidwa kuti achotsedwa ntchito chifukwa omuonera achepa. Iye analengeza pa kanema pomwepo kuti adzipha. Anthu anakhamukira kudzaona, ndipo mabwana ake m'malo mom'funira chithandizo anam'patsa pologalamu yakeyake kuti azikalipa usiku uliwonse. Oonera atayambanso kuchepa, mabwana omwewo anakonza zoti aphedwe kamera ikujambula. Finch anamwalira mu 1977, ndipo mphoto ya Oscar anaipambana atatisiya kale.

Tom ndi Howard ndi anthu ongopeka, koma amene anawakweza ndi maso a oonera, ndipo maso amenewo ife tili nawo. Lero aliyense wokhala ndi foni ya m'manja atha kuvala jekete, kukhala kuseri kwa tebulo, n'kuyamba kuwerenga “nkhani”. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Choncho mukaona wowerenga nkhani akulira kapena kukalipa, musafulumire kutumizira abale. Yambani mwafunsa kuti nkhaniyo waitenga kwa yani, ndani wina waitsimikiza, ndipo makamera analipo angati.

Tionane sabata yamawa.