Tiziyang'ana ukonde, tiziyang'ananso mtima wa msodzi

Pa gombe la Metangula, la Messumba kapena la Cóbuè, mwini ngalawa salola kuti ntchito iyambe asanaone ukonde. Amaona injini, mafuta ndi nyali. Koma ndi eni ngalawa angati amene amafunsa anyamata awo kuti, "Mwagona bwanji? Kunyumba kuli bwino?" Ine ndikuti funso limeneli ndi gawo la ntchito.

Ganizirani moyo wa msodzi wa usipa. Amagwira ntchito usiku wonse. Masana amagona pang'ono chabe. Nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imakalipa ndipo masiku ena ngalawa sizipita. Ndalama zimasowa, ngongole imakula, kunyumba kumabuka mikangano. Munthu wotere amalowa m'ngalawa maganizo ali kumtunda. Amaiwala kumanga chingwe. Amachedwa kuona kuti mphepo yasintha. Pa nyanja, kulakwitsa pang'ono kwa munthu mmodzi kungamize onse.

Vutoli ndi la dziko lonse lapansi. Mu 2022, bungwe la zaumoyo la OMS linanena kuti chaka chilichonse masiku a ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chifukwa cha nkhawa ndi matenda a maganizo. Kuno ku Mozambique, lamulo la ntchito la nambala 13/2023 limati ntchito ya masiku onse isapitirire maola 48 pa sabata, ndipo wantchito azipuma. Asodzi ambiri alibe mgwirizano wolemba. Komabe thupi lawo limatopa ngati la wantchito wa mu ofesi ku Lichinga.

Ena anena kuti, "Nsomba sidikira munthu, ndipo mwamuna salira." N'zoona kuti usipa ukabwera tiyenera kufulumira. Koma mwamuna amene salira nthawi zambiri amathawira ku kachasu, kapena amakapsera mtima mkazi ndi ana. Kukhala chete sikuchiritsa.

Nazi zinthu zinayi zimene sizifuna metikali ngakhale imodzi.

Choyamba, musanakankhe ngalawa, khalani pansi mphindi zisanu. Pumani mpweya pang'onopang'ono. Ikani maganizo pa ntchito ya usiku umenewo. Amene sanagone kapena ali ndi maliro anene, ndipo asasekedwe.

Chachiwiri, gwirizanani za kagawidwe ka ndalama musananyamuke. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Inu amene mukuphunzira kulemba, lembani gawo la aliyense mu kope, onse aone. Manambala olembedwa amachepetsa kukayikirana.

Chachitatu, eni ngalawa lekani kutukwana anyamata pa gulu. Mnyamata akalakwa, muyitaneni pambali.

Chachinayi, mukaona mnzanu wasiya kudya, sakugona, kapena akunena zofuna kudzipha, musamusiye yekha. Pitani naye ku chipatala chapafupi. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo ngati malungo.

Izi zikukhudzanso amayi oyanika usipa pa thandala ndi ogulitsa nsomba pa msika. Nawonso amasenza ngongole ndi nkhawa.

Makomiti a asodzi, amene timawatcha CCP, amakambirana kale za maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka usodzi. Pa msonkhano wotsatira, wina aimirire n'kupempha kuti nkhani ya kupuma ndi mtendere wa mumtima wa asodzi ilembedwenso pa mndandanda. Munthu ameneyo angakhale inu.