Woyendera ayenderedwe ndi yani?



Pa nthawi ya kampeni timamva za miseu, zipatala ndi feteleza. Za oyendera a boma sitimva kawirikawiri. Komatu ndi iwo amene ayenera kuona ngati sikelo ya wogula cimanga ndi soya ku Ulónguè siikuba makilo, ngati mafuta ophikira a m'sitolo sanapitirire tsiku lake, ngati ndalama zomangira sukulu zafikadi pa sukulupo. Woyendera akalandira "refresco" n'kuyang'ana kumbali, wolira ndi mlimi.

Dziko lathu layesa kangapo kukonza nthambi zoyendera, ndipo kawirikawiri ndi thandizo la maiko akunja. Kuyambira 1997 mpaka 2006 kampani ya ku Inglaterra, Crown Agents, inathandiza kuyendetsa Alfândega, nthambi imene imaona katundu pa malire monga pa Zóbuè ndi pa Calómuè. Anchito atsopano anaphunzitsidwa, makompyuta anabwera, ndalama za msonkho zinakwera. Mu 2001 Pulezidenti Joaquim Chissano anayambitsa ndondomeko ya zaka 10 yokonza nchito za boma, Banco Mundial n'kuikapo ndalama. Mu 2002 kunabwera lamulo la SISTAFE lotsatira m'mene ndalama za boma zimayendera. Mu 2009 boma linakhazikitsa INAE, kuti mwini sitolo asamalandire gulu la unduna uwu lero, gulu la unduna wina mawa.

Zonsezi sitizinyoza. Koma taonani zimene zinacitika pambuyo pake. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anatenga ngongole ya madola pafupifupi 2 biliyoni. Boma linasaina kuti lidzabweza ngati iwo alephera, osapempha cilolezo ca Assembleia da República. Makompyuta analipo. Oyendera ophunzira bwino analipo. Cimene cinasowa ndi munthu wokhala ndi mphamvu yogogoda pa citseko ca bwana ndi kunena kuti, "Tionetseni mapepala." Nkhaniyi itaululika mu 2016, FMI ndi maiko othandiza anaimitsa ndalama zimene ankaika mu bajeti ya boma. Metikali inagwa, mitengo inakwera, ndipo aliyense wa ife anaimva ngongoleyo pa mtengo wa sopo ndi shuga. Ngakhale kafukufuku wa kampani ya Kroll, amene anatuluka mu 2017, analipiridwa ndi dziko la Suécia. Mlandu wa m'nyumba mwathu, woulipira mlendo!

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ambiri saidziwa. Constituição imalola nzika 2,000 kusaina pamodzi ndi kukadandaula ku Conselho Constitucional. Mabungwe a Fórum de Monitoria do Orçamento anasonkhanitsa masiginecha amenewo, ndipo mu 2019 Conselho inagamula kuti ngongole ya Ematum inatengedwa mophwanya lamulo. Mu 2020 inagamulanso cimodzimodzi pa ProIndicus ndi MAM. Osainawo anali nzika ngati inu, za bilhete m'thumba.

Polumbira mu Janeiro 2025, Pulezidenti Daniel Chapo analonjeza kukhazikitsa Inspecção-Geral do Estado, yoyankha kwa Pulezidenti mwini. Dzina latsopano talimva. Funso ndi lakale lomwe lija: kodi woyendera angathe kufufuza amene anamuika pampando? Wothandiza wakunja angagule galimoto ndi kulipira maseminale, koma projekiti ikatha amalongedza n'kupita. Malamulo ndi bajeti ya caka ndi caka zimadutsa m'manja mwa madeputado 250 amene timawavotera ife.

Conco wofuna voti yanu akafika pabwalo, kaya ndi wa cipani citi, musakhute ndi kamizeta ndi kapulana. Mufunseni ngati adzamenyera kuti malipoti a oyendera aziikidwa poyera, kuti ndi mlimi yemwe awamve pa wailesi m'cinenero cake. Mufunseninso kuti mafuta a galimoto ya woyendera adzacokera kuti ndalama za alendo zikatha. Lembani yankho lake ndi tsiku lake.

Ndipo simuyenera kudikira tsiku lovota. Lamulo 34/2014 limapatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanapite masiku 21. Lembani makalata awiri ofanana: imodzi muisiye ku secretaria, inayo aidinde, mupite nayo kunyumba.