NAMWINO AYESEDWE NDI ZIMENE WODWALA WAMVA

Alimi anzanga a kwa Dambe ndi onse owerenga tsamba lino, lero ndisiye pang'ono za mizere ndi za cigafa, ndinene za kucipatala. Pakuti munda wa munthu wodwala umadyedwa ndi chire.

Mwezi wa February mlimi wina wa m'dera langa analawirira kukathyola fodya mame asanaume. Pofika masana anamva cizungulire, nayamba kusanza. Pa cipatala cina namwino anamfunsa kuti, "Bambo, ndi malungo kodi?" Iye anati, "Inde, mayi." Magazi atayesedwa, malungo sanapezeke, ndipo anampatsa mankhwala a mutu. M'mawa mwace analowanso m'fodya wonyowa, nadwalanso. Palibe anamfunsa nchito imene anagwira tsikulo, iyenso sanainene. Cimene cinamgwetsa ndico cikonga ca m'masamba onyowa, cimene cimalowera pa khungu. Kupewa kwace sikulira ndalama zambiri: kudikira kuti mame aume, kubvala zophimba mikono, kubvula zonyowa msanga ndi kusamba ndi sopo.

Taonani pamene panalakwika. Kwa ife a kumudzi mau akuti malungo ndi thumba lalikulu, moikamo kutentha thupi, kuphwanya ndi mutu womwe. Kwa namwino malungo ndi nthenda imodzi yodza ndi udzudzu. Anthu awiri a ciyankhulo cimodzi anagwirizana pa liu, nasiyana pa tanthauzo.

Nanga pamene ziyankhulo zisiyana? Kuno ku malire timalandira abale a ku Zambia oyankhula Cinsenga. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene othawa nkhondo akhala ciyambire 1994, namwino amakumana ndi anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, oyankhula Ciswahili, Cirundi, Cinyarwanda kapena Cifalansa. Bvuto limeneli si lacilendo. Ansembe a White Fathers amene anafika ku Kachebere m'caka ca 1903, ambiri a iwo oyankhula Cifalansa, anadza ndi lamulo la woyambitsa cipani cao, Cardinal Lavigerie, lakuti aphunzire ciyankhulo ca anthu amene adzawatumikira. Anadziwa kuti cifundo cosamveka sicifika patali.

Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1966, ndilo limapereka cilolezo ca nchito kwa anamwino atapambana mayeso. Maphunziro ndi mayeso olembawo ali m'Cingerezi, ndipo nkoyenera, cifukwa mabuku a mankhwala ali m'ciyankhulo comweco. Koma wodwala wa kwa Dambe sadwala m'Cingerezi. Cifukwa cace ndikuti kayankhulidwe ka namwino kaziyesedwanso pamaso pa wodwala weni-weni.

Pamene ndinali kuphunzira uphunzitsi, woyesa anali kukhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo nditatsiriza sanali kufunsa ine ai, koma ana. Leronso pa nchito ya ulangizi ndiri pa muyeso womwewo. Ndikaphunzitsa kuti mizere ya cimanga italikirane masentimita 75, ndi mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando, mkulu wanga sawerenga kukoma kwa mau anga. Amapita m'munda ndi cingwe. Akapeza zina, ndiye kuti sindinaphunzitse.

Momwemonso woyesa namwino aime pa khomo, afunse wodwala wotuluka zinthu zitatu: Akuuzani kuti mukudwala ciani? Mankhwalawa mukamwa bwanji? Mudzabwerenso pakacitika zotani? Tengani mankhwala a malungo a LA, amene dziko lino linayamba kupereka m'caka ca 2007. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24, ndipo amagwira bwino akamwedwa ndi cakudya. Ndani mwa ife sadziwa nyumba imene otsala anasungidwa pa tsiku laciwiri, mwini atamva bwino, kuti adzathandize mwana tsiku lina? Wodwala akalephera kubwereza malangizowo pa khomo, sadzawakumbuka kwao.

Ena adzati, "Anamwino ndi ocepa, mzere wa odwala ndi wautali, nthawi ya mafunso aitenga kuti?" Nzoona, ndipo woyesa wacilungamo awerengenso odwala amene namwinoyo waona tsikulo, kuti muyeso ukhale womthandiza, wosati womcititsa manyazi. Komabe kunena kuti, "Tandiuzani, mayi, mukamwetsa bwanji mwanayu?" kumadya mphindi imodzi, wodwala wobwereranso mawa amadya mphindi zambiri, mankhwala ena, ndi tsiku lathunthu la kumunda.

Ifenso tiri ndi mbali yathu. Tileke kubvomera "inde" cifukwa ca ulemu pamene sitinamve. Tinene nchito imene tinali kugwira podwala. Ngati tinapopera mankhwala m'fodya kapena kuthira m'nkhokwe, titenge botolo lace kapena pepala lace tikaonetse. Ngati tinayamba tamwa mankhwala a zitsamba, tisabise. Namwino sali woombeza ula. Amadziwa cokhaco cimene waona ndi cimene tamuuza. Akulu anati safunsa anadya phula. Musanacoke pa mpando wa kucipatala, bwerezani malangizo mokweza, namwino amve ngati mwamva.

Ndine wanu,
Mlangizi wa za Ulimi,
Dambe, Mchinji.