Madzi Saiwala Khwawa

Mwezi uno ndabwera ndi nkhani imene yautsa mtsutso m'banja lina kuno ku Angónia. Eni ake andilola kuti ndiikambe, koma maina ndasunga. Mwana wawo wamkazi anamaliza digiri yoyamba, ija timaitcha licenciatura. Kuti afike pamenepo makolo anagulitsa kachewere ndi chimanga zaka zinayi, ndipo ng'ombe ziwiri zinatuluka m'khola. Tsono pamene onse amati mwana ayambe ntchito athandize azing'ono ake, iye wanena kuti akufuna kupita ku Maputo kukachita mestrado ya kakonzedwe ka mizinda. Bambo ake anandifunsa mokhumudwa kuti, "Achimwene, kodi mzinda amachita kuuphunzira? Si munthu amangopeza malo, nakumba maziko, namanga?"

Funso limeneli si lopusa, pakuti umo ndi momwe ambirife tinamangira. Koma amene anayendako mumzinda wa Tete zaka makumi awiri zapitazo, nabwererako lero, adziwa kumene kamangidwe kotere kamatifikitsa. Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 155,000 mumzindawu. Pofika kalembera wa 2017 anali atapitirira 300,000. Pakati pa zaka zimenezi migodi ya malasha ya ku Moatize inakula, ndipo kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011. Anthu anakhamukira kumeneko kuchokera kumbali zonse, ndi ana athu omwe.

Munthu wofika kumene sayembekeza mapu. Amagula kamalo kwa amene wamupeza, naumba njerwa, namanga. Wina amanga pambali pake, wina kumbuyo, ndipo njira imene inali yodutsa ngolo imasanduka mpata wongokwana munthu mmodzi ndi njinga. Palibe amene walakwa payekha. Koma patapita zaka khumi mupeza kuti mulibe podutsa paipi ya madzi, chimbudzi cha uyu chayandikana ndi chitsime cha uyo, sukulu ilibe bwalo, ndipo mayi wapakati akadwala usiku galimoto imaima patali, abale namunyamula pamanja. Malo otsika mtengo amakhala a m'mphepete mwa mtsinje, kumene akale sankamanga. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira nulowa m'nyumba za anthu, ndipo mu Januwale 2022, pa namondwe Ana, unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ife ndi amene timaiwala, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene mtsinje uli mchenga wokhawokha ndipo wogulitsa malo akulumbira kuti pano sipafika madzi.

Ntchito ya wokonza mizinda ndi kuona zimenezi zisanachitike. Amaphunzira kuwerenga mapu ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, kuyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka kuti adziwe kolowera madzi a mvula, ndi kuwerengera kuti anthu adzakhala angati zaka makumi awiri zikudzazo. Amaphunziranso za ndalama, chifukwa msewu wolembedwa papepala umene khonsolo ya mzinda singathe kuulipira ndi chithunzi chabe. Ku yunivesite ya Eduardo Mondlane kuli nthambi ya zomangamanga ndi kakonzedwe ka malo, imene inayamba m'ma 1980 mothandizana ndi aphunzitsi a ku Italy, ndipo katswiri José Forjaz anaitsogolera zaka zambiri. Ku yunivesite ya Lúrio ku Nampula kulinso nthambi yotere.

Chovuta kwambiri pa maphunzirowa, monga ndionera ine, ndi malamulo ndi anthu. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, siigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, uja timautcha DUAT. Lamulo lomwelo limavomereza ufulu wa anthu okhala pamalo mwa mwambo wa makolo, ndi wa nzika imene yakhala pamalo mosabera aliyense kwa zaka khumi, ngakhale ilibe pepala. Kenaka mu 2007 kunadza lamulo la kakonzedwe ka malo m'dziko lonse. Motero wokonza mzinda sangangofika ndi thirakitala. Ayenera kukhala pansi ndi mfumu, ndi mlembi wa bairro, ndi mayi wamasiye amene khitchini yake yaima pamene payenera kudutsa ngalande, nagwirizana nawo za chipukutamisozi. (Apa ndikumbutse akulu a mipingo: ndi angati mwa ife amene tikudziwa kumene kuli mapepala a malo a tchalitchi chathu ndi manda athu?)

Sindinena kuti digiri imachiritsa zonse. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti apereke malo ku mgodi wa ku Moatize, ndipo ambiri anapititsidwa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Nyumba zinamangidwa m'mizere yooneka bwino, ndipo amene analemba mapulaniwo anali anthu ophunzira. Koma osamutsidwawo anadandaula kuti minda ndi yosabereka, makoma akung'aluka, ndipo msika umene ankagulitsako njerwa ndi makala watalika. Mu Januwale 2012 anatseka njanji ya malasha pokwiya. Wolemba mapu amene sanagwirepo khasu angathe kuwerenga zipinda molondola, naiwala kufunsa kuti munthuyu adzadya chiyani. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuti mwana wa mlimi wa kachewere, wodziwa dambo ndi dimba, wolankhula chinenero cha anthu amene adzawasunthire mpanda, ndi woyenera maphunzirowa koposa ambiri.

Komabe nkhawa za bambo aja nzoona, ndipo sindinazipeputse. Ku Maputo ndi kutali, makilomita oposa 1,500 pamsewu kuchokera ku Tete. Mestrado imatenga zaka ziwiri, ndipo nthawi zina kulemba kafukufuku womaliza kumaitalikitsa. Pali fizi, lendi, chakudya, ndi ya chapa tsiku ndi tsiku. Akamaliza, ntchito zambiri zili m'boma ndi m'makhonsolo, kumene malipiro safanana ndi a injiniya wa kumgodi. Amene akufuna kulemera msanga asalowe njira iyi. Ndiponso ndi ntchito yosayamikika: msewu ukakhala wotakata palibe amene amafunsa kuti anausiyira malo ndani, koma tsiku loletsa munthu kumanga m'dambo dzina lako limamveka mudzi wonse.

Chimene ndinalangiza banjali ndi ichi. Mwanayo asathamange chaka chino. Ayambe wafuna ntchito, ngakhale yongophunzirira, ku ofesi yoona za malo, ayende ndi oyeza malo chaka chathunthu, aone milandu ya malire ndi maso ake. Akatero adzadziwa ngati mtima wake ulidi pamenepo, ndipo adzapita kusukulu ali ndi funso lenileni lofuna yankho. Maphunziro ambiri a mestrado m'dziko muno amachitika madzulo, kotero kuti munthu angathe kugwira ntchito masana. Afunse za zimenezi, afunsenso za bolsa, asanapemphe ng'ombe yachitatu. Ndipo asanalipire kalikonse afunse aphunzitsi ngati adzamlola kuchita kafukufuku wake kuno kwathu.

Ndikunena za kwathu chifukwa Ulóngwè inakhala ndi khonsolo yakeyake mu 2008, ndipo ikukula tikuona. Kumene tinkadyetsa mbuzi lero kuli malata. Ku Tete zambiri zinachitika kale, ndipo kukonza kudzafuna kugwetsa. Kuno, m'madera ena, nkutheka kuzika zikhomo za msewu, kusiya bwalo la sukulu ndi kupatula dambo nyumba zisanafike, ndipo mtengo wake ndi wa zikhomo ndi chingwe. Zaka khumi zikubwerazi mpata umenewu udzakhala utatsekeka.

Bambo aja anamvetsera zonsezi ali chete, kenaka anafunsa funso lina limene linandilemera kuposa loyamba lija: "Nanga akadzabwera ndi digiriyo, mwana wamkazi wamng'ono chotere, adzamumvera ndani akadzauza munthu wamkulu kuti pano musamange?" Mwanayo, amene anali atakhala pamphasa pambali pa amayi ake, anayankha mwaulemu kuti, "Bambo, ndidzayamba ndi inu. Khola latsopano lija mwaliika m'njira ya madzi." Amayi ake anaseka mpaka misozi. Bambowo sanaseke, koma anati nkhani ya ku Maputo adzaikambanso akakumba kachewere, ndipo anamuuza mwanayo kuti alembe papepala ndalama zonse zofunika, mwezi ndi mwezi, osabisa ngakhale metikali imodzi.