Fashoni Imatha, Nkhope Imakhala

M'midzi ya kumapiri a Dedza mukadali agogo ena amene ali ndi mphini pamasaya ndi pamphumi. Pa utsikana wawo mphinizo zidali ulemerero, koma lero adzukulu awo sazikhumbira ndi pang'ono pomwe. Chimodzimodzinso pelele, mphete imene amayi a Chimang'anja ankaika m'mlomo wapamwamba, yomwe David Livingstone adaiona m'chigwa cha Shire mu 1859. Pelele idatha, komabe amene adabooledwa adapita kumanda ndi mlomo wobooka.

Makono ano kwabuka mchitidwe wina wofanana ndi umenewu. Ku America ndi ku Ulaya, makamaka kuyambira mu 2022, yatchuka opaleshoni yochotsa mafuta a m'masaya kuti nkhope ioneke yowonda ndi yosongoka. Zithunzi za nkhope zoterezi zikufika m'mafoni a achinyamata a ku Bembeke ndi ku Linthipe kudzera pa TikTok ndi Instagram.

Mafuta amenewa adakhala m'kati mwa tsaya lililonse, ndipo amatchedwa ndi dzina la katswiri wa ku France, Xavier Bichat, amene adamwalira mu 1802. Ndiwo amene amanenepetsa masaya a khanda ndi kulithandiza poyamwa. Dokotala amacheka m'kati mwa kamwa nkuwatulutsa, kawirikawiri ola lisanathe. Pafupi pomwepo pamadutsa mitsempha yoyendetsa nkhope ndiponso njira ya malovu, kotero kuti mpeni ukaphonya, munthu amapweteka.

Chachikulu nchakuti mafutawa akachotsedwa sabwereranso. Munthu akamakula nkhope yake imaphwa yokha. Tsono wochotsetsa masaya ali ndi zaka 20 angathe kudzaoneka nkhalamba nthawi isanakwane. M'Malawi muno masaya olowa m'kati amakumbutsa njala ya 1949 ndi ya 2002, osati kukongola. Akuluakulu adanenetsa kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwini nkhope ali ndi ufulu pa thupi lake, zimenezo nzosakanika. Koma aphunzitsi ali ndi udindo wouza ophunzira awo, asanatuluke sukulu, kusiyana kwa chovala ndi thupi. Diresi likatha fashoni amalivula. Tsaya lochekedwa amakalamba nalo, monga momwe agogo aja akalambira ndi mphini zawo.