Tisanalandire mjigo, tifunse ngati umamasulika

Amayi ndi abambo ophunzira nawo, khasu likathyoka mpini sititaya. Timadula mtengo, kusema mpini wina, n'kukhomera. Mawa lake tiri kumunda. Denga la nkhokwe likawola timatsitsa denga lokhalo, chimanga chiri phee m'kati. Makolo athu ankapanga zinthu m'zigawo-zigawo, kuti chigawo chimodzi chikatha, zinazo zizigwirabe ntchito.

Ngakhale pa bolodi timachita zomwezo. Talembani MA-DZI. Fufutani MA, muikepo MU. Mwapeza MU-DZI. Simunafufute liwu lonse ayi.

Tsono chimene chikundidandaulitsa ine ndi ichi. Zinthu zazikulu zikamabwera m'mudzi, nzeru ya khasu ija timaiiwala.

Mudzi wina umene ndimaphunzitsako, cha ku Dómuè, unalandira mjigo kwa anthu ena akufuna kwabwino. Tinavina tsiku limenelo. Koma unali wa mtundu wachilendo. Mvula yachiwiri isanagwe, kachitsulo kena kanathyoka pansi. Anyamata anafunafuna m'masitolo a ku Ulónguè, osakapeza. Wina anaoloka pa Calómuè kukafika ku Dedza, osakapezanso. Amayi anabwerera kukatunga kudambo, kumene ng'ombe zimamwa. Kalasi langa la masana linatsala ndi anthu anayi, poti ena onse anali ku madzi kapena kudwazika ana otsegula m'mimba. Madzi analimo m'chitsime, koma kachitsulo kosaposa chala kanatseka mudzi wonse pakhosi.

Yerekezani ndi mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri kuno ku Angónia. Mbiri yake inayambira pafupi pompano. Mu 1981 amisiri ku Malawi anayamba kupanga mjigo woti anthu a m'mudzi azikonza okha. Poyamba unkatchedwa Maldev, ndipo anauyesa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kutsidya kwa malire athuwa. Pambuyo pake anakaukonzanso bwino ku Kenya.

Nzeru yake ndi yomwe ija ya khasu. Ndodo zachitsulo zimalumikizana imodzi-imodzi, ndipo mumazisolola ndi manja, mapaipi osawazula. Sipanala imodzi ikwanira kutsegula mutu wake. Zimene zimatha msanga ndi timalabala ndi timapulasitiki ta pa chogwirira. Anachita dala kutero, kuti chotsika mtengo chizitha, chitsulo chokwera mtengo chizikhala. Ndipo kalabala kogula ku Ulónguè kamalowa pa mjigo wa ku Tsangano, chifukwa muyeso ndi umodzi. Ndaona ndi maso anga amayi awiri a m'komiti akusintha kalabala, dzuwa lisanafike pamutu madzi akutuluka.

Abambo ena amati, “Aphunzitsi, mphatso sakana. Komanso chinthu chomasulika-masulika n'chosalimba, chowotcherera ndiye chimakhalitsa.” Zoona, chowotcherera chimaoneka cholimba. Koma tsiku limene chidzathyoke mudzachita kubwereka ngolo, kupita nacho kwa mmisiri, n'kudikira. Ndipo sindikunena kuti Afridev safuna ndalama. Timalabala sitimera m'munda. Komiti ikapanda kusonkhetsa kangachepe tikagulitsa mbatatesi, nawonso umaima. Kusiyana kwake n'kwakuti ukaima timadziwa chogula ndi kogula. Kufunsa wopereka mphatso kuti, “Zipangizo zake tidzazipeza kuti?” si mwano. Afumu angathe kufunsa mwaulemu ndithu.

Pa njerwa ndiye vuto ndi lathu lomwe, palibe mlendo womuloza chala. M'mudzi umodzi muli zikombole zisanu, chiri chonse ndi msinkhu wake. Munthu amanga zipinda ziwiri chaka chino. Chaka chamawa, fodya akayenda bwino, afuna kuonjezera chachitatu. Agula njerwa kwa mnzake, koma mizere siikumana. Mmisiri adzaza dothi lambiri pakati, ndipo mng'alu uyambira pomwepo. Mafelemu a zitseko n'chimodzimodzi. Kalipentala ali yense ali ndi muyeso wake, ndiye chitseko chikadyedwa ndi chiswe, chogula pamsika sichilowa.

Ife alimi sitimanga nyumba yonse tsiku limodzi. Timamanga pang'ono-pang'ono, monga mwa zokolola. Nanga bwanji osagwirizana chikombole chimodzi mudzi wonse? Womanga azisiya mano a njerwa kumapeto kwa khoma, kuti chipinda cha chaka chamawa chidzalumane ndi cha chaka chino. Njerwa zotsala kwa inu zidzamanga khola la mnzanu, kapena chimbudzi cha pasukulu.

Loweruka likudzali ali yense amene ali ndi chikombole abwere nacho ku kalasi. Ine ndibweretsa tepi. Tidzayesa m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, ndipo ali yense adzalemba yekha manambala m'kope mwake. Tikatero tidzapita nazo kwa afumu kuti tisankhe chimodzi. A komiti ya mjigo abwerenso ndi sipanala ija, tione ngati ikadalipo.