Galimoto za mabwana, thukuta la antchito

M'mwezi wa Meyi 2022 kampani ya Mercedes-Benz idagulitsa galimoto imodzi ya mu 1955, yotchedwa 300 SLR Uhlenhaut Coupé, pa mtengo wa mayuro 135 miliyoni. Galimoto za mtundu umenewu zidapangidwa ziwiri zokha. Wogula sadatchulidwe dzina, ndipo chomwe dziko lidauzidwa n'choti adzidzaionetsa kwa anthu pa masiku apadera. Nanga masiku apaderawo asankha ndani? Nyuzipepala zidatengeka ndi kukula kwa ndalamazo, n'kuiwala kufunsa funso lenileni: chinthu chosowa chotere chikalowa m'galaja ya munthu mmodzi, chitseko n'kukhomedwa, wapindula ndani?

Tinene poyera kuti ife sitidana ndi ntchito yosonkhanitsa ndi kukonzanso galimoto zakale. Ndi ntchito ya luso ndiponso yofunika. Koma aliyense woigwira adziwe kuti ali pa ngongole. Ali pa ngongole kwa amisiri omwe adapanga galimotozo, kwa amakaniko omwe adazidzutsa m'dzimbiri, ndi kwa antchito omwe thukuta lawo lidabala ndalama zogulira. Ngongole imeneyi imabwezedwa potsegula chitseko ndi kunena mbiri yonse mosabisa. Wotsutsa amve zomwe zidachitika mu mzinda wa Mulhouse, kum'mawa kwa dziko la France.

Kumeneko kudali abale awiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, eni mafakitale opota ulusi wa ubweya wa nkhosa. Mu 1957 adagula fakitale ina yakale ya nsalu mu mzindawo, ndipo patapita zaka zochepa Fritz adayamba kuunjikamo galimoto zakale ngati munthu wolodzedwa. Mu 1963 adatenga galimoto zomwe zidatsala m'manja mwa kampani ya Bugatti, kuphatikizapo ya mwini wake weniweni, malemu Ettore Bugatti. Mu 1964 adalandira galimoto 30 za Bugatti nthawi imodzi kuchokera kwa mkulu wina wa ku America, John Shakespeare. Pomafika 1976 mkulu ameneyu adali ndi galimoto zoposa 400, ndipo zoposa 100 mwa izo zidali za Bugatti zokhazokha.

Zonsezi zinkachitika mobisa. Amisiri pafupifupi 40, amakaniko, akalipentala ndi osoka zikopa za mipando, adalembedwa ntchito yokonzanso galimotozo atachenjezedwa kuti asaulule kanthu kunja. Chipinda chosungiramo adachikongoletsa ndi nyale mazanamazana zotengera za pa mlatho wina wotchuka wa ku Paris. Amayi ndi abambo opota ulusi ankangomva mphekesera chabe.

Kenaka malonda a nsalu ku Ulaya adalowa pansi chifukwa cha nsalu zotsika mtengo za ku Asia. Mu 1976 abalewo adalengeza kuti mafakitale awo akugulitsa pa falanki imodzi, ndiye kunena kuti akusamba m'manja. Antchito adakwiya, ntchito zidatha, ndipo mabwanawo adathawira ku Basel m'dziko la Switzerland, komwe adali nzika, makhoti a ku France akuwafuna kuti ayankhe za momwe adayendetsera chuma cha makampani awo. Pa 7 Malichi 1977 antchito ndi atsogoleri a bungwe lawo adalowa m'fakitale ya ku Mulhouse ija. Adapeza mizere ya galimoto zonyezimira, zopukutidwa bwinobwino, pamene iwo sankadziwa kuti ana awo adya chiyani mwezi wamawa.

Tsopano timve zonena za oikira kumbuyo mabwana otere, chifukwa alipo ambiri ndipo pakamwa pawo mpothwa.

Choyamba amati: ndalama n'zake, msiyeni agule chomwe akufuna. Chabwino. Koma ndalama za mwini fakitale zimachokera kuti? Sizigwa ndi mvula. Zimachokera m'manja mwa mayi woima pa makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Malonda akamayenda, bwana amati phindu ndi langa ndekha. Malonda akaipa, amati mavuto ndi athu tonse, ndipo woyamba kuona msana wa njira ndi wantchito. Kumeneku ndiye kudyera anthu masuku pamutu. Fakitale adaiika pa falanki imodzi, koma galimoto sadaziike pa mtengo umenewo. Pamenepo pokha mutha kuona komwe mtima wa bwana udali.

Chachiwiri amati: pakadapanda Fritz Schlumpf, galimoto zambiri mwa izi zikadaphwanyidwa kapena kumwazikana. Apa pali choonadi, ndipo sitichikana. M'zaka za m'ma 1960 galimoto zakale zidalibe mtengo womwe zili nawo lero, ndipo zambiri zidathera ku malo ophwanyira zitsulo. Koma kupulumutsa chinthu n'kuchitsekera n'chimodzimodzi kuvuula mwana m'madzi n'kukamubisa makolo ake. Komanso tifunse: adapulumutsa ndi manja a yani? Fritz ankasaina macheke. Omwe ankasula zitsulo zosowa, kuwongola mabodi opindika, kusoka mipando ndi kudzutsa injini zomwe zidagona zaka 30 ndi amisiri aja. Lero dzina la Schlumpf lili pa chikwangwani cha nyumbayo, chifukwa khoti lidalamula kuti liikidwepo. Mlendo wofika pa khomo amayamba kuwerenga dzina la wogula asadamve za aliyense wogwira sipanala.

Koma palinso gulu lina lomwe tiyenera kulidzudzula, ndipo ambiri a ife tili momwemo. Awa ndi amene amati galimoto zakale n'zidole za olemera, zitenthedwe kapena zigulitsidwe ndalama zigawidwe. Antchito a ku Mulhouse adali ndi zifukwa zonse zoyatsira moto nyumba yonseyo, ndipo mu ukali wawo adatenthadi galimoto imodzi yaing'ono ya Austin yomwe idali isadakonzedwe. Kenaka adaugwira mtima. Adatsegula zitseko, natcha malowo nyumba ya zakale ya antchito, naitana aliyense kuti adzaone ndi maso ake komwe thukuta lawo lidapita. Adaisunga zaka ziwiri, ndipo akuti anthu okwana 800,000 adafika kudzaona. Mu 1978 boma la France lidalamula kuti galimotozo ndi chuma cha mbiri ya dziko, zisatuluke kunja. Mu 1981 bungwe lomwe mudali khonsolo ya mzinda wa Mulhouse ndi maboma a m'chigawocho lidazigula pa mafalanki 44 miliyoni, ndipo mu 1982 nyumbayo idatsegulidwa kwa anthu onse. Akadatentha, umboni ukadapsa limodzi ndi matayala, ndipo lero nkhani ya antchito aja ikadakhala mphekesera chabe.

Galimoto yakale imachitira umboni zinthu zomwe mwini wake sangakonde kuti zinenedwe. Taonani Bugatti Royale, yomwe ziwiri mwa izo zili ku Mulhouse. Ettore Bugatti adaipangira mafumu: yaitali kuposa mamita 6, injini ya malita 12.7, kanjovu kasiliva kataima pa mphuno. Zidapangidwa 6 zokha, zitatu zokha ndizo zidagulidwa, ndipo palibe mfumu ngakhale imodzi yomwe idagula, chifukwa chuma cha dziko lapansi chidagwa kuyambira mu 1929. Chomwe chidapulumutsa kampaniyo n'choti injini za mtundu womwewo adaziika m'sitima zapamtunda zonyamula anthu m'dziko la France. Injini ya mafumu idapeza ntchito yeniyeni pokoka anthu wamba. Mwana wa sukulu woimirira pafupi ndi galimoto imeneyi atha kuphunzira za kudzikuza, za kugwa kwa chuma ndi za luso la amisiri pa ola limodzi. Ikakhala m'galaja yokhoma, phunziro lonseli limafera mu mdima.

Olemera ena adamvetsa zimenezi kalekale. Amene mudakhalako ku Mangalande mukudziwa kuti chaka chilichonse mu Novembala galimoto zopangidwa chisadafike chaka cha 1905 zimanyamuka ku Hyde Park mu London kupita ku Brighton, ulendo wa mamailosi pafupifupi 60. Amakumbukira lamulo la mu 1896 lomwe lidakweza liwiro lololedwa kuchoka pa mamailosi 4 kufika pa 14 pa ola. Anthu amaima m'mbali mwa msewu osalipira kanthu, n'kumaona bwana wachuma atagona pansi pa galimoto yake yofuka utsi, manja ali bii ndi mafuta. Kumeneko ndiye kusunga chinthu chakale mwaulemu.

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife. Aliyense wamkulu msinkhu akukumbukira Rolls-Royce yomwe Dr Kamuzu Banda ankayendera, misewu itatsekedwa, ana a sukulu atandandalikidwa padzuwa, amayi akuvina. Ena akaikumbukira amafuna aigwadire, ena amafuna aiphwanye ndi nyundo. Onsewo akulakwa. Galimoto zomwe atsogoleri a dziko adayendera pa udindo wawo malo ake ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ngati ya ku Chichiri, pomwe mwana wa ku Ndirande angaime n'kuwerenga kuti idagulidwa liti, pa mtengo wanji, ndi ndalama za yani, ndipo ankaiyendetsa ndi kuikonza adali ndani. Nkhwangwa imaiwala koma mtengo suiwala, ndipo mtengowo uyenera kupatsidwa mpata wolankhula.

Ndipo pafupi ndi Rolls-Royce imeneyo paime basi yakale ya UTM, lole ya Bedford, Land Rover ya chipatala ndi Peugeot ya matola. Izi ndizo zidanyamula odwala, fodya, maliro, akwati ndi ena a inu pa usiku womwe mudawoloka malire. Ogula zitsulo zakale sayang'ana mbiri, amayang'ana sikelo. Mmisiri wa m'galaja ya pansi pa mtengo yemwe amadziwa kudzutsa injini ya Bedford popanda buku, naye akukalamba, ndipo akamwalira apita nalo luso lake. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Choncho kwa mabwana okonda galimoto zakale, kulikonse komwe muli, mawu athu ndi awa. Gulani, konzani, pukutani, palibe akukuletsani. Koma lipirani antchito anu musanagule tayala limodzi la chidole chanu. Lembani dzina la makaniko aliyense pa chikwangwani, zilembo zake zofanana kukula ndi za dzina lanu. Tulutsani galimotozo pa msewu anthu azione, ana azifunse mafunso. Musadikire kuti antchito adzakutsegulireni okha chitseko monga adachitira a ku Mulhouse, inu muli pa ulendo wothawa.